Chala cha Khumi cha a Yosiya

A Yosiya Mbewe analondera depoti ya thonje ya ku Zemba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi opanda pepala lililonse. Anali ndi chibonga, wezulo ndi maso. Zinakwanira. Kenako kampani ya alonda ya Maso Anayi inatenga ntchito ya pa depotipo, n'kulengeza kuti mlonda aliyense akhale ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chimafuna zidindo za zala zonse khumi, kuti akafufuze ngati munthu sanamangidwepo. Wopanda chiphaso pofika kumapeto kwa Januwale, kwawo.

Akazi awo, a Olipa, sanaone vuto. Amuna awo sanabepo ngakhale dzira. Malipiro a ulondawo ndiwo ankagula feteleza chaka ndi chaka, ndiye ngati akufuna zala, atenge zalazo.

Wodinda zala anali kapitawo wa kampaniyo, dzina lake Micheal, mnyamata wa kamimba kongoyamba kumene ndi nsapato zosongoka ngati mlomo wa khoswe. Anabwera pa njinga yamoto ndi mafomu komanso kabokosi ka inki. Anagwira chala cha a Yosiya ndi nsonga za zala zake, ngati wagwira chule, n'kuchidinda. Panatuluka chibanthu chakuda chopanda mzere ndi umodzi womwe. Chachiwiri chimodzimodzi.

"Amdala, zala zanu zilibe kanthu izi. Mwazipala ndi chiyani?"

"Khasu, bwana. Ndi kuswa mtedza."

"Ndiye musiye. Masabata atatu osagwira khasu, muzidzola mafuta, mizere imerenso. Mukapanda kutero kompyuta ya kulikulu ikukanani."

Umenewu unali mwezi wopalira. Ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa kuti ukausiya munda masabata atatu m'Januwale, umakakolola chisoso. Koma Micheal chimanga ankachidziwira m'thumba la m'sitolo.

Tsiku lomwelo Micheal anadindanso zala za mnyamata wina wofunsira ulonda, Terrance, mwana wa mlongo wake wa mwini golosale wa pa msika. Zala za ameneyo zinatuluka bwino ngati maluwa a pa chitenje, mpaka Micheal anakweza fomuyo kuti onse aone. Zikanalephera bwanji kutuluka? Manja amenewo sanakumanepo ndi mpini chibadwire. Ntchito yake inali kumasula zingwe za mbuzi za eni. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mbuzi yaikazi ya a Olipa inapita momwemo chaka chatha. Koma nthawi zonse amalume ake ankabwera ndi mbuzi ina ndi mawu ofewa, nkhani n'kuthera pansi pa mtengo, ku polisi osafika. Pamene Kondwani, mwana wa mayi wamasiye wa kuseri kwa tchalitchi, anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha nkhuku imodzi, ndipo fomu ya ulondayo sanam'patse n'komwe. Wakuba wopanda amalume ndi chigawenga, wa amalume ndi mlonda.

A Olipa anagula botolo la mafuta odzola. M'mawa uliwonse a Yosiya akaweruka, ankawapaka m'manja, n'kuwaveka masokosi a sukulu a mdzukulu wawo, n'kuwakhazika pakhonde. Bambo wa imvi, manja m'masokosi, atawaika pa mawondo ngati mkwatibwi. Anthu opita kumunda ankachita kuchepetsa liwiro la njinga.

"Odi a Mbewe! Chinkhoswe chili liti?"

"Pitani, udzu ukukudikirani," ankayankha a Olipa, khasu lili paphewa.

Anapalira okha. Mvula inagwa sabata yonse, udzu n'kumamera kumbuyo kwawo asanafike n'kumapeto kwa mzere. Munda wa mtedza anangousiya. Tsiku lina pobwera anapeza amuna awo atavula sokosi limodzi, akusisita mpini wa khasu.

"Atate ake Tadala, siyani!"

"Ndikungoligwira, amake Tadala. Munthu ndingakhale bwanji ngati nkhuku yofungatira?"

"Fungatirani. Mtedza ndautaya kale chifukwa cha zala zimenezo, musanditayitse kawiri."

Tsiku lodindanso, a Olipa anapita nawo. Ankafuna kuona ndi maso awo chimene anagula ndi msana wawo. Anapeza Micheal atakhala pa sikelo ya thonje akudya chitumbuwa, ndipo Terrance ataima pambali mu yunifomu yatsopano, chiphaso chikulendewera pakhosi, akudziyang'ana pa galasi la njinga yamoto.

Micheal anadinda chala choyamba. Mizere inaoneka. Chachiwiri, chachitatu, dzanja lamanja lonse, mwaudongo. A Yosiya anayamba kumwetulira. Atafika ku dzanja lamanzere anadinda zinayi, n'kuima.

"Chinacho chili kuti?"

Kachala kakumapeto kanali kachitsa chabe. Ulendo woyamba uja bwana wamaphunziroyu anatopa atangodinda ziwiri, manja osawayang'ana.

"Chinatsala pageti apo," anatero a Yosiya. "Akuba anabwera ndi ngolo kudzatenga mabelo, mmodzi anali ndi chikwanje. Papita zaka zisanu ndi zitatu. Belo silinachoke ndi limodzi lomwe."

"Zimenezo ndi mbiri, amdala. Fomu ili ndi mabokosi khumi. Lina likakhala lopanda kanthu, kompyuta imalavula."

"Lembani kuti chala anachidula akuba," anatero a Olipa. "Cholembera muli nacho m'thumbamo, kapena n'chokongoletsera malaya?"

"Amayi, palibe malo olembapo nkhani." Anapukuta mafuta a chitumbuwa pa thalauza, n'kutsitsa mawu ngati akuwapatsa mphatso. "Koma ine ndi munthu wachifundo. Terrance, bwera kuno. Bwereka amdalawa kachala kako. Ndani akaone? Bokosi lidzaze basi."

Terrance anabwera akuseka, kachala kali m'mwamba. "Tengani, agogo, n'kaulere. Sikanagwirepo ntchito yolemetsa."

A Yosiya anayang'ana fomu, n'kuyang'ana akazi awo. A Olipa anawaona kuti atsala pang'ono kuvomera. Iwonso feteleza anawadutsa m'mutu, matumba anayi, oyera. Koma anayang'ana kachala konyezimirako, ndipo anakumbukira mfundo ya chingwe cha mbuzi yawo, mmene inamasulidwira bwinobwino osaduka.

"Iwe Terrance, chala chimenecho mawa chikagona pa chitseko cha yani?"

"Ah, amayi, mwayamba."

"Ndikufunsa. Chikakapezeka pa loko wa golosale ya munthu, kompyuta yanu yanzeruyo idzati ndi cha ndani? Idzati ndi cha Yosiya Mbewe. Iwe amalume ako adzabwera ndi mbuzi. Awa adzabwera ndi ndani? Ine ndi masokosi?"

Anagwira dzanja la amuna awo, n'kuviika kachitsa kaja mu inki, n'kukadinda m'bokosi lakhumi mwamphamvu mpaka pepala linaboola pang'ono. Panatsala kadontho kakuda konga nyemba.

"Chala chawo ndi chimenecho. Chotsalacho akafunse pageti."

Micheal ananyamula fomuyo pakona, nkhope itakwinyika. "Mwaiwononga. Ndipo ina ndilibe, amatipatsa zowerenga." Anaipinda kanayi n'kukulungiramo chitumbuwa chotsala. "Lolemba mubweze wezulo ndi chibonga, amdala."

"Chibonga n'changa," anatero a Yosiya. "Ndinasema ndekha."

Wezulo anaisiya pa sikelo pomwepo. Terrance anaitola n'kuiimba kawiri, kuyesa.

Sanapite kunyumba. Anadzera kumunda wa mtedza, kumene udzu unafika m'chiuno, a Olipa n'kutulutsa makasu awiri amene ankabisa pansi pa mtengo wa mango. A Yosiya analavulira m'manja n'kuyamba. Dzuwa lisanapendeke, manja ofewa aja anali matuza okhaokha, ena ataphulika. Mizere ya masabata atatu inatsala pa mpini.

"Feteleza chaka chino ndiye palibe," anatero a Yosiya, osakweza mutu.

"Tithira manyowa a m'khola."

"Mbuzi zitatu zokhazo?"

"Ziswana," anatero a Olipa, akukutumula dothi ku muzu wa chisoso. "Chaka chino zigona mtendere. Wozimasula uja am'lemba ntchito ya usiku."