Tsache la ku Suva

Kuyambira ku chilumba cha Rotuma mpaka ku cha Ono-i-Lau, palibe munthu wa mkono wautali kuposa Apenisa Koroi. Wofuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wamva zimene mkonowo unachita pa chilumba cha Yanuvatu, mwini wake ali phee pampando ku Suva, likulu la dzikolo.

Apenisa anayamba ndi wilibala, kunyamulira amayi chinangwa ndi dalo, mbewu yonga koko, pamsika. Kompyuta anaiphunzira mosuzumira pamapewa a anthu m'kanyumba ka intaneti kamene ankasesamo. Kenako dziko linamutsegukira: Port Moresby, Auckland, Brisbane, mpaka Dubai, kumene amati anakonza makina a hotela yaitali moti mitambo inkagogoda pawindo. Atabwerera kwawo, bungwe loyang'anira sukulu za mpingo linamupatsa makompyuta ake onse, omwazikana pa zilumba ngati mpunga wotayika pamkeka.

Makompyutawo anali mitundu itatu, Windows, Linux ndi Mac, uliwonse ndi chiyankhulo chake. Amene anagwira ntchitoyi poyamba ankakalambira m'sitima, kukonza imodziimodzi. Apenisa ayi. Iye ankalemba lamulo limodzi lonena mmene kompyuta ya sukulu iyenera kukhalira: ichi chikhalemo, ichi chichoke. Lamulolo linkadutsa pa setilaiti kukafika pa seva, kompyuta yaikulu ya pasukulu iliyonse, ndipo sevayo inkagawira zinzake zikangolumikizana nayo, iliyonse m'chiyankhulo chake. Yomvera inkawala mobiriwira pa sikirini ya mu ofesi yake.

"Ine sitima sindikwera," ankatero. "Nyanja ndi ya nsomba."

"Ungonena kuti umasanza," ankayankha Rohini, mnzake wa mu ofesimo.

Chinkamuwawa chinali chimodzi: kadontho kofiira pakati pa zobiriwira zonsezo. Inali laputopu ya sukulu ya ku Yanuvatu, imene inali itasowa pa netiweki kwa nthawi ndithu. Lolemba akuluakulu a bungwe ankabwera kudzaona ntchito yake, ndipo iye ankafuna apeze sikirini yobiriwira ngati dimba.

Anaimbira Salanieta, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo. Anthu a kwawo kwa Apenisa ndi a ku Yanuvatu ndi a tau, otukwanizana popanda mlandu, choncho moni wawo ankakhala wa tsabola.

"Tau, laputopu yanga ili kuti?"

"Yako? Unagula ndi ndalama za wilibala?"

"Wilibala imeneyo inandifikitsa ku Dubai. Iwe unafika kuti?"

"Pamwamba pa phiri, kudzayankha foni ya munthu wopanda ntchito. Laputopu anatenga mlongo wanga Ilaitia. Ali nayo kutsidya, ku kachilumba kumene akuyanika kokonati."

"Katundu wa sukulu?"

"Anachita kerekere, kupempha kosakanidwa kuja. Mlongo wako akapempha umakana? Kapena ku Dubai anakuchotsa magazi n'kukuthira petulo?"

"Ifike Loweruka, Tau. Apo ayi ndikunenera kwa abusa."

Teremu inali kutha, ndipo makompyuta anali atafufuma ndi mafilimu a ragibi ndi nyimbo zimene ana ankaikamo. Apenisa analemba lamulo limene analitcha tsache: kanema aliyense ndi mawu aliwonse ojambulidwa amene si a maphunziro, achoke, ndipo achokeretu osabwezeka. Sanafunse munthu. Kodi wosesa amapempha chilolezo kwa fumbi? Lachisanu tsachelo linadutsa zilumba zonse, Windows, Linux, Mac, osasiya ngakhale kachitsotso. Posangalala anagulira Rohini roti, chapati chokulungamo nkhuku.

Loweruka m'mawa, awiriwo ali mu ofesi kukonzekera alendo a Lolemba, foni inalira.

"Bambo Koroi, ndine Salanieta wa ku Yanuvatu."

Apenisa anaongoka pampando. Tau wako akakutchula kuti bambo, dziwa kuti zinthu zavuta.

Salanieta anayankhula pang'onopang'ono. Bambo ake, a Sakiusa, ndiwo anali wopeka meke wa pachilumbacho, nyimbo zovinira zonena za makolo ndi maulendo awo apanyanja. Akudwala, anaimba meke yawo yomaliza, yaitali, Salanieta n'kuijambula mawu. Anamwalira asanaiphunzitse munthu. Mudzi unagwirizana kuti uiphunzire pa tchuthi chino, udzaivine pa mwambo wa mausiku zana, wotsanzikana nawo.

"Munatiphunzitsa ndinu kuti chinthu cha mtengo wapatali tizichisunga patatu, m'makina osiyana, kuti amodzi akafa ena atsale. Ndinamvera. Ndinaika pa Windows ya mu ofesi, pa Linux ya m'kalasi, ndi pa Mac ija anatipatsa a ku Australia. Dzulo madzulo amayi a m'mudzi anabwera ndi mikeka yawo kudzamva. Ponseponse palibe."

Apenisa, munthu amene anakanganapo ndi Aarabu pa mtengo wa mawaya mpaka iwo kutopa, anazindikira chimene tsache lake lachita. Uphungu wake unali wabwino. Koma tsache lake linkadziwa ziyankhulo zonse zitatu, ndipo chimenecho ndicho ankadzitamira nacho.

"Amayi anga sanadye," anatero Salanieta. "Akuti awaikanso m'manda kachiwiri. Ndangofuna mudziwe."

"Musadule, chonde." Anapukuta thukuta pamphumi. "Mawuwo munajambula ndi chiyani?"

"Ndi laputopu."

Apenisa anatembenukira ku sikirini, kuyang'ana kadontho kofiira kamene anakhala akukatukwana. Tsache linali lisanafikeko.

"Ili kuti pano?"

"Ikubwera. Si munalamula ndinu? Bwato la Ilaitia ndikuliona, likulowa pampata wa matanthwe."

"Ndi yotseka?"

"Ilaitia kutseka? Amawongolera bwato ndi dzanja limodzi, maso ali pa ragibi."

Apa Apenisa anaona ngozi. Mlongoti wa netiweki ya sukuluyo anasankha yekha, wamphamvu, wofika mpaka kugombe. Bwato likangoyandikira, laputopu idzapereka moni kwa seva, seva idzaipatsa tsache, ndipo laputopu idzamvera, poti anailera bwino ndi iye.

"Thamangani mukazimitse seva."

"Ndili pamwamba pa phiri, Bambo Koroi. Foni imagwira pano pokha. Ndisanafike pakati pa njira bwato likhala pamchenga. Kusukulu n'kokhoma, makiyi ndili nawo ine."

"Mukuwireni Ilaitia."

"Injini yake ija mumaidziwa? Ngakhale lipenga la tsiku lomaliza sangalimve."

Zala za Apenisa zinali zitayamba kale kuthamanga. Anafufuta tsache m'malamulo n'kutumiza malamulo atsopano. Koma kunja mvula ya ku Suva inali kukhuthuka monga mwa masiku onse, ndipo mvula ikatero setilaiti imayenda ngati nkhono. Mtolo wa malamulowo unayamba ulendo, n'kuima, n'kugwa. Anatumizanso. Unagwanso.

"Wadutsa mwala wa mbalame," anatero Salanieta.

Rohini anali ataima kumbuyo kwake. "Katunduyo ndi wolemera, Peni. Sadutsa."

Munthu amene anakankhapo wilibala amadziwa chochita pamatope: umatsitsa katundu. Apenisa anasiya malamulo onse. Anagogoda pa khomo la sevayo mwachindunji, atanyamula mawu amodzi okha, olamula kuti izime.

"Ikazima sungaiyatsenso uli kuno," anatero Rohini motsitsa. "Yanuvatu yense afiira. Lolemba akuluakulu aona."

"Aone."

Ulendo woyamba khomo silinatseguke. Wachiwiri linatseguka, n'kutsekeka mawu asanalowe.

"Akuchepetsa injini. Ana akuthamangira kugombe."

Apenisa anatsamira pa sikirini ngati akunong'oneza ng'ombe yodwala. "Mwana wanga, sindinakupemphepo kanthu. Ndimangokulamula. Lero ndikuchita kerekere."

Anadina kachitatu. Panadutsa kanthawi kotalika ngati ulaliki wa Lamlungu. Kenako kadontho kamodzi kanafiira, kena, kenanso, mpaka Yanuvatu yense anasanduka munda wa tsabola. Seva inali itazima, kutsidya kwa nyanja yonse ija, ndi chala cha munthu wa wilibala.

Koma laputopu inali italandira kale moni kapena ayi? Sikirini sinkatha kunena.

"Tsikani tsopano," anauza Salanieta. "Mukaipeza musayatse seva. Koperani mawuwo pa kafulashi, kenako pa kena, kenako pa foni ya aliyense amene ali nayo."

Foni inaduka. Apenisa anakhala pomwepo. Rohini anamubweretsera tiyi, tiyi n'kuzizira. Mvula inakata, inayambanso. Anayesa kufotokoza za mkuntho wamchenga umene anauona ku Dubai, koma nkhani inamufera pakamwa.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Panalibe moni. Panamveka mphepo ya paphiri, kenako mawu a nkhalamba, osasa, opumira m'mwamba, akuimba ndi kuomba m'manja pang'onopang'ono. Apenisa sanawadziwepo a Sakiusa. Komabe anapezeka akupukuta m'maso ndi tayi imene anagulira alendo a Lolemba.

"Tau," anatero Salanieta nyimbo itaima.

"Ndikumva, Tau."

"Ilaitia akuti umuthokoze chifukwa cha kuba kwake."

"Umuuze kuti ndi munthu wamkulu."

"Amayi adya. Koma ali ndi funso. Akuti, kodi munthu ameneyu amalowa m'mudzi mwathu tsiku lililonse, m'nyumba za eni, n'kumasuntha katundu, anabweretsapo sevusevu, mphatso yolowera m'mudzi? Ngakhale mzungu wa kamera amafika ndi kamtolo ka yaqona, mizu ya chakumwa cha pamwambo ija, m'manja kudzapempha malo."

"Ndimalowera pa setilaiti."

"Khomo ndi khomo, Tau."

Lolemba akuluakulu anabwera, anaona zofiirazo, anafunsa. Apenisa anawafotokozera zonse ataimirira, manja akuuluka, ndipo pofika pa kudina kachitatu abusa awiri anali atagwira m'mphepete mwa tebulo. Tsiku lomwelo analembanso tsache lake. Tsopano silitaya kanthu. Limaunjika pakona n'kudikira mwini nyumba anene.

Mwambo wa mausiku zana utayandikira, Apenisa Koroi anakwera sitima. Anasanza kuyambira padoko la Suva mpaka pampata wa matanthwe, ndipo amalinyero amati sanaonepo munthu wosanza mwamphamvu chotero, mwaulemerero chotero. Ilaitia anamulandira pagombe, n'kuchita kerekere magalasi ake a dzuwa a ku Brisbane asanapondenso bwino mchenga.

Anamva meke ija ikuimbidwa ndi mudzi wonse, ndime zonse, amayi atakhala pamzere, manja akuyenda ngati mafunde. Koma izi zisanachitike, analowa m'nyumba ya malemu atavala sulu, nsalu yomanga m'chiuno, opanda nsapato, atawerama. Anakhala pansi pafupi ndi khomo, pamalo a munthu wolakwa, n'kukankhira mtolo wake pamkeka pamaso pa amayi a Salanieta. Inali mizu ya yaqona yokhwima, yonenepa ngati mkono wa mwana, imene anaisankha yekha pamsika womwe uja ankakankhapo wilibala.

Mayiwo anaika dzanja pamtolowo. Amuna anaomba m'manja, kusonyeza kuti mtolo walandiridwa.

Salanieta anaunyamula kuti aone kulemera kwake. "Kodi wabweretsa wa mudzi wonse, Tau?"

"Windows, Linux ndi Mac," anatero Apenisa. "Nyumba iliyonse imene ndinasesa, kilo yake. Makilo atatu."