Phiri Linatembenuka

"Zimitsa chimenecho!"

Ndinazimitsa makina obowolera. Madzi amatope ankatsetserekabe pathanthwe. Pamwamba pathu panali pataima Khalfan, mkulu woweta mbuzi m'chigwamo. M'mawa anali atatimwetsa khofi. Koma diso lake silinatichoke.

Ine kwathu ndi ku Matrah, m'tauni. Dalaivala. Sindikhalitsa pamalo amodzi. Chaka chimenecho ndinkayendetsa Dokotala Thuraya, katswiri wa miyala. Iye ankaloza, ine n'kubowola. Kamwala kalikonse kakatuluka, ankakajambula muvi.

"Mivi imeneyi ndi ya chiyani? Msewu? Mgodi?"

"Ndi za sukulu chabe, amalume," ndinatero.

"Za m'tauni zimayamba ndi kabowo, mawa mpanda. Iwe wa nsapato zoyera, usandipusitse."

Dokotala anapukuta manja. "Bambo, mwala uwu uli wotentha, tizitsulo ta m'kati mwake tinaloza kumpoto ngati singano ya kampasi. Utazizira, tinauma momwemo. Lero tikuloza kwina. Ndiye kuti phiri lonseli linasuntha kuchokera pansi pa nyanja, n'kutembenuka."

"Linatembenuka?"

"Kwambiri zedi!" ndinathirirapo, kufuna kukometsa.

Khalfan sanaseke. Anayang'ana kutsidya, kumene kunali timiyala toimika. Manda.

"Mkazi wanga Zuweina ali apo. Ndinamugoneka ndi manja angawa, chakumanja, nkhope kuloza ku Maka, mzinda wathu woyera, kolowera dzuwa. Tsono mukuti pano akuyang'ana kuti? Ku India?"

"Ayi bambo, ndi zakalekale zimenezo, anthu kulibe," anatero Dokotala.

"Linaima liti? Munaliona likuima, mwana wanga?"

Dokotala anandiyang'ana. "Likuyendabe," ananong'ona. "Pang'onopang'ono, ngati chikhadabo chikamakula."

"Chonde, musatchule," ndinayankha chapansipansi.

"Mukunong'onezana chiyani?"

"Za mafuta a galimoto, amalume."

"Bodza lako lilibe ndi mchere womwe."

Dokotala anatulutsa kampasi. "Tiyeni kumandako, mukadzionere nokha kuti ali bwino."

Khalfan anabisa manja kumbuyo. "Kasingano komweko kamene kakuti phiri linasochera? Longedzani. Mabowo anuwo mutseke."

Tinatseka ndi mchenga. Tinakweza katundu.

Pokwera chitunda ndinasuzumira pagalasi. Mbuzi zinali zitabalalika, popanda wozikusa. Khalfan anali atagona pansi pafupi ndi manda aja, chakumanja, tsaya pafumbi, diso limodzi chotsinzina, akuyeza kumene dzuwa linkapita.