Msewu Wobiriwira pa Mapu a Dorota

Dorota anali asanamvepo mwana akupuma chonchija. Tola, mwana wake wa miyezi isanu, anali gone pa kabedi ka m'chipatala, timachubu tili m'mphuno, ndipo akamakoka mpweya khungu la pakati pa nthiti linkalowa m'kati. M'chifuwa munkalira ngati ketulo yomwe yayamba kuwira. Dorota ankawerenga mapumidwewo, n'kusokoneza, n'kuyambiranso.

Dokotala Pilch, mayi wamfupi wosadziwa kunyengerera munthu, anafunsa ngati kunyumba alipo wosuta fodya, ngati m'zipinda muli chinyezi, kenako ngati mwanayo amakhalitsa panja. Dorota anayankha msangamsanga kuti nyengo yozizira ino satuluka n'komwe. Nanga iye akanalakwitsa bwanji? Ntchito yake ku yunivesite inali yomweyo, kuphunzitsa kompyuta kulosera utsi womwe anthu a m'tauni yawo ya migodi ya malasha amapuma, msewu ndi msewu, ola ndi ola. Mapu akewo aliyense ankawaona pafoni: pofiira tsekani mawindo, pobiriwira pumani mwamtendere.

Apo Ludwik, mwamuna wake, anayamba kupotokola chipewa m'manja. Ndiye ankasamala mwana masana chibwerereni Dorota ku ntchito. Anaulula kuti m'mawa uliwonse ankamukulunga Tola m'chikopa cha nkhosa n'kumugoneka pakhonde la m'mwamba ola lathunthu, nthawi zina awiri. Umu ndi mmene analeredwera iye, ndi mmene analeredwera Dorota yemwe, ndi anthu onse a m'dera lawo la Silesia: khanda lizolowere mphepo yozizira, likhwime, ligone tulo tabwino.

"Koma ndinkayamba ndaona mapu ako, Dorota," anatero. "Tsiku lililonse. Msewu wathu unkakhala wobiriwira."

Dorota sanafunikire kompyuta kuti adziwe pomwe panalakwika. Mapuwo ankawerenga machumuni malinga ndi zomwe eni nyumba analembetsa okha, ndipo mumsewu mwawo onse analemba kuti amatenthetsa nyumba ndi gasi. Gasi wake uti! Bambo Bronek a nyumba yoyandikana nayo, omwe chumuni chawo chimalekezera ndendende pa khonde limenelo, anasunga ng'anjo yawo yakale m'chipinda chapansi. Kukangocha amaponyamo fumbi la malasha, nsapato zakutha, matabwa opaka penti, chilichonse chomwe chingayake. Theka la msewu limachita zomwezo, ndipo palibe amene amanena mnzake. Dorota ankalimva fungolo pothamangira basi, koma ankati ndi utsi wochokera kutsidya kwa njanji, poti mapu ake ankatero. Munthu wophunzira mpaka kumakanira mphuno yake yomwe.

Anafuna kumukalipira Ludwik, koma akanamunena chiyani? Mwamuna wakeyo anachita zonse molongosoka, mpaka kukhulupirira ntchito ya mkazi wake kuposa mmene amakhulupirira wansembe.

Kamakina ka pambali pa bedi kanayamba kulira. Milomo ya Tola inali itachita bii. Anamwino awiri anathamangira pabedipo, wina n'kumukankhira Dorota kukhoma, ndipo iye ankangoona kaphazi kamodzi kakutakataka pakati pa mikono yawo. Anapemphera mawu osalumikizika, pemphero la Chikatolika lomwe anasiya ali kusekondale. Patapita nthawi yomwe sakanatha kuiyeza, makina aja anakhala chete, ndipo kakulira kosasa mawu kanamveka.

Dokotala Pilch sanawabisire kanthu. Anati mwanayo mwina apulumuka ulendo uno, koma mapapo ake atupa kwambiri, ndipo akadzabwerera mu utsi womwewo nyengo yozizira isanathe, makolowo adzabwera naye kuchipatala atamunyamula, mwina mochedwa.

"Mukamutulutsa muno musapite naye kwanu, mayi. Pezani malo a mpweya wabwino, kaya kwa achibale, kaya kochita lendi. Muyambe kufufuza lero."

Dokotala atachoka, Ludwik anatembenukira kwa mkazi wake monga anazolowera pa nkhani zotere. Sankamunyoza ayi, ankafunsa ndi mtima wonse.

"Ndiye tipite naye kuti, Dorota? Wodziwa ndiwe."

Dorota anatsegula mapu ake pafoni. Kumpoto kwa tauni kunali kobiriwira, kwa mlongo wake wa Ludwik kobiriwira, kwa mayi ake a Dorota kobiriwira, ndipo konseko makompyuta ake anawerenga mapepala omwe anthu analemba okha. Anayang'ana nthiti za Tola zikukwera, zikutsika.

"Sindikudziwa, Ludwik," anatero.