Mawu a m'Fulashi ya Fauziya

"Munthu wamtundu wanji ameneyu? Phala langa anamwa, nkhuku yanga anadya, mphasa yanga anagonera, koma ngongole yake ikadali pomwepo mpaka lero!"

Abiti Chande anayamba kudandaula minibasi isanachoke pa Ntaja, ndipo pofika pa mlatho wa ku Liwonde aliyense wokwera anali atamudziwa Brighton asanamuone. Brighton ameneyu anali wokonza makompyuta pa Balaka. Dzinja lapitalo anapita ku Ngokwe kukakonza makina a pasukulu ina, mvula n'kudula msewu, malungo n'kumugwetsera pakhonde la golosale ya Abiti Chande. Mayiwo anamutola, namusunga m'nyumba mpaka anachira. Tsiku lonyamuka Brighton anagwada pansi n'kunena kuti, "Mayi, ndalama ndilibe. Koma laputopu ya Fauziya ndidzaipatsa pakamwa."

Fauziya ndiye mwana wawo wachisamba, amene anakhala pambali pawo mu minibasimo atafungatira chikwama cha laputopu. Maso ake anazima atangomaliza Fomu 4, koma zala zake zinali zamoyo. Anaphunzira kutayipa, ndipo akayamba zinkamveka ngati mvula pa malata. Chimene ankasowa ndi pulogalamu yowerenga mokweza zonse zolembedwa pagalasi la kompyuta, kuti khutu lizigwira ntchito ya diso. Brighton anaikadi pulogalamu yotero, koma inali ndi khalidwe loipa: inkalankhula bwinobwino kwa kanthawi, kenako n'kungoti zii pakati pa chiganizo. Tsono m'mawa mwake Fauziya anali ndi mayeso a ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la alimi a thonje ndi nandolo pa Balaka. Chinthu chongokhala chete chikafuna akanapita nacho bwanji kumayeso?

"Amama, tsitsani mawu," anatero Fauziya. "Komanso wolakwa si Brighton yekha. Ndinakuuzani kuti tiike yaulere ija anzanga amagwiritsa ntchito, inu munakana."

"Ndikukanabe! Munthu ndinamudzutsa kwa akufa, andibwezere ndi zotola? Iyayi. Ndinamuuza kuti aike yodula, ndipo aika yodula."

Shopu ya Brighton inali kontena yobiriwira kufupi ndi siteshoni ya sitima. Atawaona akutsika pa kabaza, mwini wake anataya sikuludiraiva n'kuthamangira mpando.

"Mayi! Mwayenda bwanji? Khalani apa."

"Sindinabwere kudzakhala. Paja kutchalitchi kwanu mumati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane? Bwera nawo mutuwo."

Brighton anakanda kumutu. Anthu odikira mafoni awo anasendera pafupi, chifukwa nkhani yokoma sasiya.

"Mayi, ndinene zoona. Yodula munkafunayo, mtengo wake ukuposa njinga yanga yamoto ili apoyo. Ndiye ndinaika yolawitsa. Eni ake amalola munthu kulawa pang'ono, kenako imatseka pakamwa mpaka ulipire."

"Ndiye mwana wanga wakhala akudya zolawa miyezi yonseyi? Ngati nthochi za pamsika?"

"Ndinkaopa kukuuzani. Koma ilipo ina, dzina lake NVDA. Sikhala chete, ndipo salipira. Fauziya akuidziwa."

Apa mpamene Abiti Chande anakhala pampando paja, osati chifukwa chotopa, koma kuti alankhule bwino. Anamanganso mpango wawo kumutu, naloza Brighton ndi chala.

"Iwe ndiwe mwana, tamvera. Chaka china kunabwera anthu a kampani ya thonje ku Ngokwe, ovala malaya ofanana, akumwetulira ngati akwati. Akuti tengani mbewu mayi, tengani mankhwala, musatulutse kanthu. Tinavina. Nthawi yokolola anabwera omwewo, kumwetulira kuja atakusiya kwawo, atanyamula sikelo. Anadula, nadula, nadulanso, mpaka bambo ake a mwanayu anabwerera kunyumba ndi masaka opanda kanthu, njinga yawo itatsala komweko. Chaulere chili ndi mwini, ndipo mwiniyo amabwera pokolola. Lero mukuti tengani mawu aulere. Mwana wanga akangoyamba kulandira malipiro, eni akewo atulukira ndi sikelo yawo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma mbedza ndimaidziwa ngakhale itavala nyongolotsi yonona."

"Zoona zimenezo mayi," anavomereza bambo wina wodikira foni.

Fauziya anaseka pang'ono, natembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu a mayi ake.

"Amama, chimanga chamakolo mumapachika kudenga la khitchini chija, munagula kwa ndani?"

"Kugula? Anandipatsa Abiti Akimu."

"Amabwera kudzadula pokolola?"

"Adule chiyani? Iwonso anachita kupatsidwa ndi apongozi awo."

"Inu mwagawirapo angati?"

"Mudzi wonse. Iwe, ukufuna kunena chiyani? Usandizungulitse ngati mbuzi pachingwe."

"Ndikuti pulogalamuyi ndi mbewu yotero. Anaiyambitsa ndi anthu osaona ngati ine, atatopa ndi mitengo yomwe mukuimvayi. Anati aliyense atenge, agawire mnzake, ndipo wodziwa akonze pamene pavuta, zokonzazo zibwererenso kwa onse. Yodula ija ndiye ya haibulidi: chaka ndi chaka kubwerera kusitolo."

Abiti Chande anatsitsa chala chija n'kuyamba kukonza chitenje. Brighton anaona mpata.

"Komanso m'mimba mwake ndi motsegula, mayi. Mmene anaipangira zonse zili poyera. Aliyense wodziwa za mapulogalamu angathe kusuzumiramo n'kuona ngati abisamo mbedza."

"Ngati sikelo yochotsa chivundikiro chakumbuyo?"

"Eya, chimodzimodzi."

Zimenezo mayiwo anazimva. Pa msika wa Ngokwe mavenda ena amamanga sipuling'i ya sikelo kuti izidya nandolo wa alimi, ndipo Abiti Chande sankagulitsa kanthu pa sikelo imene mwini wake akukana kuitsegula.

"Iweyo unasuzumiramo?"

"Ine ayi, nzeru zanga sizinafike pamenepo. Koma osuzumira ndi ambiri, m'mayiko osiyanasiyana. Wakuba sabera pamene maso achuluka."

"Pakamwa pako ndi pokoma, koma pakamwa pomwepo mpamene panandilonjeza. Ika tione. Ukatha uchotse netiweki. Ngati mwini wake alipo, ndiye kuti amamvera pa netiwekipo, ndipo ukadula chikhala chete ngati chinzake chija."

Brighton anachotsa yolawitsa ija, naika yatsopano, nazimitsa netiweki mayiwo akuyang'ana. Laputopu inayamba kulankhula ndi liwu la m'mphuno, lothamanga. Fauziya anaika zala pa mabatani n'kulemba dzina la kwawo. Chinthucho chinatchula Ngokwe mopotoka ngati mzungu wotafuna mbatata yotentha, ndipo kontena yonse inaphulika ndi phwete.

"Ndi zimenezi? Chikutukwana mudzi wathu!"

"Dikirani amama." Fauziya anadina apa ndi apo osathandizidwa ndi munthu, nasintha liwu kuika la Chiswahili. Ulendo uno chinati Ngokwe momveka, Ntaja momveka, nandolo momveka.

"Tsopano chikulankhula ngati dalaivala wa thiraki wa ku Tanzania," anatero Abiti Chande. "Bola. Koma chisasiye. Iwe Fauziya, chipatse zowerenga zambiri, chitope. Ine ndikupita kukaswali. Ndikapeza chitakhala chete, Brighton, uyambiretu kuthawa."

Anapita kumzikiti, naswali, nadutsira kumsika kukakangana ndi wogulitsa anyezi, nabwerera dzuwa litapendeka. Ali patali anamva liwu la m'mphuno lija likadalongolola. Anaima pakhomo la kontena kwa kanthawi, manja ali m'chiuno.

"Alhamdulillah. Chili ndi mpweya."

Brighton anatulutsa fulashi, nakoperamo pulogalamu ija, naiika m'dzanja la Fauziya. Anafotokoza kuti ikalowa m'kompyuta ina iliyonse ya mu ofesi, kompyutayo iyamba kulankhula, ndipo akaizula mawu achoka nayo limodzi. Kenako anapukuta manja pa thalauza akumwetulira.

"Ndiye ngongole yatha, mayi?"

"Yatha bwanji? Wandipatsa mbewu imene wachita kupatsidwa. Thukuta lako lili pati pamenepa? Ife tikukagona kwa alamu anga kwa Nsamala. Mawa m'mawa tikupeze pakhomo la ofesi ija."

Anamupezadi, atatsamira njinga yake yamoto. M'kati munali achinyamata ena ofuna ntchito yomweyo, atakhala pabenchi ndi mapepala awo. Mkulu wa ofesiyo, a Elliam, anali bambo wodekha wa magalasi okhuthala. Anamvetsera zonse Fauziya akufotokoza, kenako anapukusa mutu.

"Pepani chemwali. Mayeso aliyense alembera pa kompyuta ya ofesi, kuti pasakhale wonena kuti mnzake anabwera ndi mayankho. Ndipo fulashi yachilendo siilowa muno. Chaka chatha munthu wina analowetsa yake, vairasi n'kudya mayina a alimi athu onse. Tinalira. Chimene ndingachite, ndikupatsani munthu woti azikuwerengerani."

"Zikomo bwana," anayankha Fauziya. "Koma mukandilemba ntchito, mudzalembanso wondiwerengera? Ine ndikufuna muone zimene ndingachite ndekha."

A Elliam anavula magalasi n'kuwapukuta. Zinkaoneka kuti mawuwo awalowa, koma mantha a vairasi anali akadali pomwepo. Abiti Chande anawayang'ana, nazindikira nkhopeyo. Inali nkhope ya wogula amene katundu wamukonda koma akuopa kupusitsidwa. Nkhope imeneyo ankaiona tsiku lililonse kugolosale.

"Bwana, Salaam aleikum. Ine ndine mayi ake. Za mavairasi sindizidziwa, sindinawaonepo. Koma kumsika kwathu munthu akakayikira katundu sitikangana, timaika chikole. Brighton, kiyi."

"Kiyi wa chiyani, mayi?"

"Wa nyumba ya agogo ako? Wa njinga!"

"Mayi, njinga ija ndi miyendo yanga!"

"Miyendo yako ndinaidzutsa ine ndi phala. Ukuikhulupirira fulashi yakoyo kapena ayi? Dzulo pakamwa panali pokoma, akuti m'mimba motsegula, akuti maso ambiri. Lero ukunjenjemera chiyani?"

Brighton anayang'ana Fauziya, amene anaima phee fulashi ili m'dzanja, kenako anapisa m'thumba. Kiyi analira pa tebulo la a Elliam.

"Ndikuikhulupirira, bwana. Ndinaikopera ndekha kuchokera kwa eni ake enieni. Muyambe mwaipima ndi pulogalamu yanu yosaka mavairasi."

"Mwamva," anatero Abiti Chande. "Kompyuta yanu ikangotsokomola, njinga ili panjayo ndi yanu. Yofiirayo. Matayala ndi atsopano, ndawayang'ana."

A Elliam anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mayi, inu mukanakhala wapampando wa bungwe lino, bwenzi thonje lathu likugulidwa pa mtengo wa golide. Bweretsani fulashiyo."

Anaipima, sanapezemo kanthu. Fauziya anakhala pa mpando, navala mahedifoni, ndipo amayi ake anatulutsidwa kukadikira panja. Sanakhale pabenchi. Anaima pawindo, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Ankaona achinyamata ena aja akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi, maso akukwera ndi kutsika. Mwana wawo anakhala tsonga, mutu utapendekera mbali imodzi ngati munthu womvera nyimbo, zala zikuthamanga. Pena ankaima, n'kumvetsera, n'kubwerera kukakonza, n'kupitiriza. Nthawi iliyonse akaima, mtima wa Abiti Chande unkaimanso, kuopa kuti chinthu chija chatseka pakamwa. Sichinatseke.

Atatha onse, a Elliam anatenga nthawi kuwerenga zimene aliyense analemba. Abiti Chande anazungulira mtengo wa mango wa pabwalopo mpaka mlonda anawafunsa ngati ataya kanthu. Kenako chitseko chinatseguka, ofuna ntchito ena aja natuluka, ndipo a Elliam anakodola Brighton.

"Achimwene, tabwerani. Kiyi wanu uyu, kompyuta sinatsokomole. Koma musanapite, pulogalamu ija muiike m'kati mwenimweni mwa makinawa. Sindikufuna kalaliki wanga azivutika ndi fulashi m'mawa uliwonse. Ayamba Lolemba."

Fauziya anagwira pakamwa. Brighton anatambasula dzanja kuti atenge kiyi, koma dzanja la Abiti Chande linafika msanga. Kiyi analowa m'nsonga ya chitenje, namangidwa mfundo.

"Ika kaye," anatero. Kenako anatembenukira kwa a Elliam, maso akuwala monga amawalira wogula akafunsa katundu yekha. "Tsono bwana, popeza mwaikonda, tikambirane mtengo wake."

"Amama!"

"Chiyani? Ayikonda okha."

"Abiti Akimu anakulipiritsani chimanga chija?"

Mayiwo anatsonya, nayang'ana kudenga. "Tengani bwana. Ndi mbewu yamakolo. Wina akadzaifuna mudzamugawire, musadzaumire."

Brighton anagwada pa kompyuta paja, ndipo Abiti Chande anaima kumbuyo kwake ngati kapitawo mpaka anamaliza. Anamuuza kuti azule fulashi, azimitse makinawo, awayatsenso. Liwu la m'mphuno lija linadzuka lokha. Fauziya analisintha kuika la dalaivala wa ku Tanzania, nalemba dzina la amayi ake, ndipo kompyuta ya ofesi inalitchula momveka pamaso pa onse.

Apo Abiti Chande anamasula mfundo ya chitenje, naika kiyi m'dzanja la Brighton, nalipinda ndi dzanja lawo.

"Phala walipira. Mphasa walipira."

"Nanga nkhuku, mayi?"

"Inali yokalamba kale. Pita, ngongole yatha."