Wofunsa Nambala 9

Pulogalamu yanga itaonetsa kuti ikulondola anthu 97 pa 100 aliwonse, a Pulofesa anaomba m'manja mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno. Ine sindinaombe nawo, maso anali pakompyuta. Zaka ziwiri ndikulimbana ndi manambala zinandiphunzitsa chinthu chimodzi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito yanga ya digiri yachiwiri inali yofukula deta. Umapatsidwa mulu wa mafomu, n'kuphunzitsa kompyuta kupeza zimene diso la munthu silingaone. Anga anali mafomu 12,000 a odwala matenda othamanga magazi, ndipo funso linali limodzi: ndani angasiye kumwa mankhwala? Bungwe lina la zaumoyo linatuma anthu khumi ndi anayi kukafunsa odwalawo khomo ndi khomo. Mmodzi mwa ofunsawo anali alamu anga, amuna awo a achemwali, amene ndinkakhala kwawo. Ndi iwo amene anandipemphera fayilo ya mafomuwo kwa abwana awo.

Lachisanu la sabata yotsatira ndinkayenera kuima pamaso pa oyesa atatu kuteteza kafukufukuyo. Ndikagwa, zaka ziwiri zalowa m'madzi.

"Vuto lako n'chiyani iwe?" anafunsa a Pulofesa. "Anzako akulira ndi 70. Iwe wapeza 97, ukukwinya nkhope."

"Zakoma mopitirira, a Pulofesa."

"Ndiye umafuna ziwawe? Kasindikize."

Woyamba kumukayikira anali Wandevu, mnzanga amene timakhala desiki limodzi m'chipinda cha ofufuza. Munthuyo ali ndi chizolowezi chogwira kompyuta za eni ake n'kumati "ndakukonzera kanthu." Ndinamupeza akuseweretsa waya wa chaja, ndipo sindinamupatse n'komwe moni.

"Wagwira fayilo yanga?"

"Aaa, mayi! Zanga zikundikana, ndiye ndikakonze zanu?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mukapsa mtima mumakongola, koma musandiphe."

Ndinamusiya, chifukwa Wandevu sangapeze 97 ngakhale mutamuikira m'thumba. Kenako ndinadzikayikira ndekha. Ndinabwereza pulogalamu katatu, mzere ndi mzere, osapeza cholakwa. Lachinayi ndi pamene ndinaganiza zogawa mafomuwo potengera amene anafunsa, popeza wofunsa aliyense anali ndi nambala yake m'malo mwa dzina.

Mafomu a anthu enieni amakhala auve, ndipo ine ndimawakonda choncho. Wina anakana kunena zaka zake. Wina analembedwa kuti ali ndi zaka 340. Wofunsa wina anaika kulemera kwa munthu m'bokosi la msinkhu, wina analemba m'mphepete kuti "galu watithamangitsa." Ofunsa ena onse anali ndi mafomu pafupifupi 600 aliyense, odzaza ndi zoterezi.

Koma nambala 9, mayo ine! Mafomu 4,000, munthu mmodzi. Palibe bokosi losiyidwa. Palibe wodwala amene anakana, palibe amene anali atachokapo. Okalamba enieni ukawafunsa zaka amangoti 60 kapena 70, koma a nambala 9 anali 63, 58, 71, ngati onse amayenda ndi kalata yobadwira m'thumba. Aliyense wokhala kutali ndi chipatala anasiya mankhwala. Aliyense wokhala ndi mkazi kapena mwamuna ankamwa mokhulupirika. Nditachotsa mafomu akewo n'kuyesanso, 97 yanga inatsika kufika pa 61.

Kunyumba ndinayamba kuwayang'ana alamu ndi diso lina. Akamavula nsapato pakhomo ndinkaona ngati zili ndi fumbi la munthu woyenda m'makomo. Akamafotokoza za odwala awo patebulo ndinkamvetsera ngati wapolisi. Loweruka, iwo akusamba, ndinapisa dzanja m'thumba la jekete lawo n'kutulutsa chiphaso cha kuntchito. Nambala 4. Ndinapuma, kenako manyazi anandigwira, chifukwa munthuyu anandipatsa chipinda cha mwana wake ndipo sanandiwerengerepo chilichonse.

Lamulungu masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka njinga yawo yamoto. Achemwali anali pakhonde, akuluka tsitsi la mwana wawo wamkazi.

"Alamu, nambala 9 kuntchito kwanu ndi ndani?"

Nsanza inaima pa tayala. "Wakuuzani ndani za 9?"

"Mafomu ake."

Anafinya nsanzayo nthawi yaitali ngakhale inali itauma kale. "9 anali mayi wina. Anasiya ntchito mwezi woyamba, koma nambala yake sanaitseke."

"Nanga mafomu 4,000 analemba ndani?"

"Alamu, inu mumakhala pa mpando wozungulira. Galimoto ikapanda kubwera, kapena mvula ikadula msewu, abwana amafunabe mafomu makumi awiri pa tsiku. Sapempha, amalamula. Ndiye tonse timadzitsekera m'chipinda chosungira katundu n'kulemba. Koma tili ndi lamulo lathu. Pa nambala yako umalemba zoona zokhazokha. Zam'mutu zonse zimapita kwa 9."

Ankayankhula ngati akunyadira, ndipo zimenezo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri.

"Inunso?"

"Ndati tonse. Ndipo sitilemba zopusa ayi. Timalemba zimene tikudziwa kuti zimachitika."

Apo ndiye ndinamvetsa. Zaka ziwiri zonsezi kompyuta yanga sinkaphunzira za odwala. Inkaphunzira maganizo a alamu ndi anzawo atakhala pa makatoni.

"Anthu amenewa kulibe, alamu! Bungwe lanu likufuna kugwiritsa ntchito zimenezi posankha odwala oti aziwayendera!"

"Iwe," anatero achemwali, osakweza mawu, osasiya kuluka. "Sukulu yakoyo isatigwetsere denga. Anthu khumi ndi atatu amenewo ali ndi ana."

Lolemba ndinakawafotokozera a Pulofesa. Anadzuka n'kutseka chitseko ndisanamalize, ndipo sanafunse funso ngakhale limodzi. Munthu womva nkhani koyamba amafunsa. Mpaka lero ndimakayikira kuti ankadziwa.

"Ine sindinamve kalikonse," anatero. "Zisiye momwe zilili, udutse ndi 97 yako. Ukafuna kuchotsa mafomu a 9, chotsa, koma akakufunsa unene kuti mbali ina ya fayilo inawonongeka. Bungwe limenelo limatipatsa deta chaka chilichonse. Usatseke chitsime chomwe anzako akubwera adzamwepo."

Ndinachotsa mafomu a 9 n'kulembanso mitu iwiri m'masiku atatu. Za fayilo yowonongeka ndinaziyeserera pagalasi la kubafa, ndipo zinkatuluka bwinobwino. Ndinadziuza kuti bodza laling'ono limeneli silipha munthu.

Lachisanu holo inadzaza theka. Achemwali anabwera atavala diresi la ku ukwati, alamu ali m'suti yawo imodzi ija, ndipo anakhala kumbuyo kwenikweni. Ndinafotokoza kwa mphindi makumi awiri. Oyesa awiri anafunsa zapamwamba, zongoonetsa kuti anawerenga. Wachitatu anali mayi wachikulire wochokera ku yunivesite ina, wa mawu otsika, amene anapinda ngodya za masamba ambiri m'buku langa.

"Mwana wanga, munalandira mafomu 12,000, mwagwiritsa ntchito 8,000. Enawo ali kuti?"

"Ndinawachotsa, mayi."

"Chifukwa?"

A Pulofesa anayang'ana kudenga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za fayilo ija, koma mayiwo anali atanyamula kale cholembera, okonzeka kulemba chilichonse chimene ndinene ngati choona. Zinandinyansa. Ndikanama, fayilo yonse ikhalabe m'kabati ya a Pulofesa, ndipo chaka chamawa wophunzira wina adzavina ndi 97.

"Chifukwa anthu amenewo kulibe. Mafomuwo ndi opeka."

Wina anatsokomola. Ndinaonetsa zaka zija, mabokosi odzaza aja, ndi mmene 97 inagwera. Mayiwo analemba tsamba lonse.

"Wofunsa mmodzi yekha ndiye anachita zimenezi?"

"Munthu mmodzi sangalembe mafomu 4,000, mayi."

Sindinatchule dzina la munthu, koma sizinafunike. Mayiwo anati nkhaniyi ayenera kulembera bungwelo, chifukwa ikukhudza odwala. Anatitulutsa kwa mphindi khumi, kenako anandiitana n'kundiuza kuti ndakhoza, ndipo 61 yanga ndi yoyamba kuikhulupirira chaka chino. Ndinayembekezera kusangalala, koma chimwemwe sichinabwere.

Panja Wandevu anandikumbatira n'kukuwa ngati wagoletsa chigoli. A Pulofesa anadutsa akuyankhula pa foni imene sinalire. Alamu anabwera pang'onopang'ono, anandigwira chanza ndi manja awiri ngati mlendo wolemekezeka.

"Mwakhoza, mayi," anatero. Sananditchule alamu. Anatembenuka kupita kumene anaimika njinga.

Achemwali anatsala. Anandikonza kolala ya bulauzi imene inapindika, anachotsa kaulusi paphewa langa, monga ankachitira ndili wamng'ono popita kusukulu. Maso awo anali ofiira.

"Amayi akanakhalapo akanalulutira," anatero.

"Achemwali, ine sindikanatha..."

"Ndamva zonse, ndinali momwemo." Anatambasula dzanja. "Katundu wako ndikulongedzera ndekha, ubwere udzatenge mawa alamu ako atachoka. Ndipatse kiyi wa nyumba."