Bokosi la Veronika

Malata a kiliniki yathu, kuno kufupi ndi Zemba, anabwera m'mawa n'kubwerera madzulo. Munali mu 1996. A Bonifasi, phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo, anawatsitsa palole, anaima pambali pake n'kujambulitsa, ife tikululutira ngati zitsiru. Anthu atabalalika, lole yomweyo inabwera kudzawatenga. Tinamva kuti anakafolera nyumba yawo yogona alendo ku Chipata. Kiliniki inatsala makoma okhaokha, mbuzi zikugonamo.

Tonse tinkadziwa, koma amene anaona ndi maso ndipo sanaope kunena anali a Elinata, mayi wamasiye wa mumphakati mwathu, amene munda wawo unali kuseri kwa kilinikiyo. Ananena kutchalitchi, ananena kuchigayo, mpaka ansembe a ku parishi anatumiza mawu ku Lusaka. Patapita miyezi yambirimbiri tinamva kuti kukubwera anthu a bungwe lofufuza mmene aphungu amagwiritsira ntchito ndalama za boma, ndipo akufuna mboni yolankhula pamaso pawo. A Elinata anati, "Abwere, andipeza."

Sabata yomweyo mwana wawo Veronika, amene anadwala nthawi yaitali, anamwalira m'chipatala ku Chipata. Zaka zimenezo tinkaika anthu sabata ndi sabata, ndipo ziweto zinathera pamaliro. Maminibasi sanyamula mtembo. Kunamveka kuti akachedwa kukamutenga, aikidwa komweko ndi akaidi. M'dera lonseli galimoto yonyamula maliro inali imodzi yokha, ya a Bonifasi, imene analandira kuti aziyendera anthu owasankha.

A Elinata sanapemphe. Galimoto inangofika, Veronika ali m'bokosi lopaka vanishi, pambali pake matumba a ufa, phungu atakhala kutsogolo chipewa chili m'manja. Mukanatani inu? Mukanamubweza mwanayo?

Ofufuza aja, azibambo awiri ovala mataye, anafika tsiku loika maliro. Anapeza mudzi wonse uli pasiwa, ndipo poti anali anthu oleredwa bwino, anakhala pansi pamodzi ndi amuna. A Ezara, mlongo wawo wa a Elinata, anawayandikira.

"Pepani mabwana, kuno pamaliro sitikamba milandu. Mubwere tikasesa."

"Bambo, mafuta anatipatsa a ulendo umodzi basi," anatero wamkuluyo motsitsa mawu. "Tikabwerera opanda mboni, nkhani yatsekedwa. Mayiwo angonena mawu pang'ono chabe, ngakhale kuseri kwa nyumba."

A Ezara analowa kukawanong'oneza. Ine ndinali m'nyumbamo, nditakhala mogundana ndi a Elinata pamphasa. Anamvetsera maso ali pabokosi. Anasisita chivundikiro chake kwa kanthawi, kenako anadzuka. Chamumtima ndinati lero ndi lero.

Anatuluka akumanga chitenje, anthu akuwapatukira. Ofufuza anayamba kudzuka, wina akukonza taye. A Elinata anawapitirira osawayang'ana n'komwe, nakagwada pamapazi a phungu, amene anali atapatsidwa mpando wabwino pansi pa mtengo wa mango.

"Bwana, mwandichotsa manyazi. Mwana wanga akanakwiriridwa kutali ngati galu. Mulungu akudalitseni."

Anawomba m'manja mwaulemu, ndipo amayi onse anawomba nawo, poti ndiwo mwambo. Phungu anawerama mwachisoni, anachita kupukuta maso ndi kampango. Sindinadanepo ndi munthu ngati tsiku limenelo. Ofufuza anaponya chipepeso m'mbale, anatsanzika kwa a Ezara, nanyamuka kwaya isanamalize nyimbo yotulutsira bokosi.

Pochokera kumanda sindinafune kuyenda nawo a Elinata, koma anandipeza panjira n'kundigwira mkono mwamphamvu.

"Usandiyang'ane choncho, make Mailesi," anatero. "Ndatsala ndi ana awiri kunyumbaku, ndipo wamng'onoyo wayamba kutsokomola."