Kapepala ka pa Chitseko cha Malume

1.
Fungo.

2.
Ndinayamba kulimva ndili pa mzere wa ogulitsa tomato, butchala ndisanaione n'komwe. Dzina langa ndine Elube. Ndimagwira ntchito ya zaumoyo ku khonsolo, ndimayendera malo ogulitsa zakudya pamsika wa Nsanjiko. Tsikulo linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, magetsi atathima masiku atatu. M'chikwama munali foni ya kuntchito ndi kamakina kosindikizira, kakuda, kokwana pachikhatho ngati sopo wochapira. Butchalayo ndi ya a Zakeyu. A Zakeyu ndi malume anga, alongo awo a amayi, bere limodzi.

3.
Zomwe ndinapeza mkati:
ntchentche zobiriwira zija, zonenepa, zosaopa munthu
fuliji yofunda, chitseko chake chomanga ndi mphira
madzi ofiirira akudontha pansi pa fulijiyo, galu akunyambita
mwendo wa ng'ombe wobiriwira cha ku fupa
matumbo m'ndowa, akuchita thovu okha
mphutsi m'ming'alu ya chipika chodulirapo nyama
botolo la vinega ndi nsanza yakuda
malume akupukuta nthiti ndi nsanzayo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi

4.
Wabwera ngati mwana wa mlongo wanga kapena ngati boma, anafunsa malume osacheuka.
Malume, nyamayi yawola.
Yawola pati? Nyama imanunkha nyama. Umafuna izinunkhira mafuta odzola?
Muli mphutsi muno.
Mphutsi zili pa chipika, pa nyama palibe. Komanso moto umapha zonse.
Ndinatuluka, ndinasanza m'ngalande, ndinapukuta pakamwa ndi mpango, ndinabwerera mkati.

5.
Umayatsa kamakina, kanyali kabuluu kamaphethira. Umatsegula bulutufu pa foni, ziwirizi zimapezana. Umalemba dzina la mwini malo, tsiku, zomwe waona ndi maso ako. Umadina. Kamakina kamalira ngati nkhululu n'kulavula kapepala kopyapyala, kofunda. Inki mulibemo, kamalemba ndi kutentha basi. MALO ANO ATSEKEDWA. NYAMA YA PANO NDI YOOPSA, MUSAGULE. Umang'amba kapepalako pa timano ta kamakina, umakamata pa chitseko cha malata, umakakuta konse ndi selotepi, anthu a pamsika atasiya malonda awo akukuyang'ana.
Ndinagwira ntchito yanga.

6.
Malume anandikokera kuseri kwa butchala, dzanja lawo la mafuta litandigwira pamkono, ndipo anati iwe Elube bambo ako atathawira ku Joni n'kusiya mlongo wanga ndi ana anayi anakutola ndani, nsapato zako zoyamba zinachokera pa chipika chomwechi, yunifolomu ya kusekondale pa chipika chomwechi, kukoleji kuja unkaphunzira za tizilombo tako iti unkadya chiyani ngati si thukuta la mpeni uwu, lero wavala kolala wabwera kudzandimata kapepala ngati ndine chimbudzi cha pamsika pamaso pa anthu amene amandipatsa moni wa manja awiri, ng'ombe yathunthu ndinapha Loweruka magetsi n'kuthima Lamlungu kodi ndinathimitsa ndine, ndiitaye yonse chifukwa cha kanthu kako kolira ngati nkhululuko, iwe mwana iwe, magazi ako ndi anga, kaganize bwino

Pamkono panatsala zala zinayi za mafuta. Ndinasamba katatu. Fungo silinachoke.

7.
Chitseko cha butchala chimayang'ana kumadzulo. Dzuwa la Okutobala likapendeka limachiwotcha moti sungachigwire.
Lachitatu malembo anali akuda.
Lachinayi anali otuwa.
Lachisanu munthu ankayenera kufinya maso kuti awerenge MUSAGULE.
Loweruka m'mawa, tsiku la msika, a Zakeyu anatsegula chitseko, anapachika nyama, anathira vinega. Kapepala sanakachotse. Panalibe chifukwa chokachotsera.
Koyera.

8.
Ine ndine Nachisale, ndimasoka zovala kuseri kwa msika. Mwana wanga Tinyade ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali atangochira malungo, miyendo ngati bango, ndiye ndinati adyeko kanyama abwezeretse mphamvu. Mphekesera ndinazimva, zoti a khonsolo anatseka kwa a Zakeyu. Sindine munthu wosasamala ine. Ndinafika pachitseko, ndinaima, ndinayang'ana kapepalako pafupi chonchi. Palibe cholembedwa. Ndinafunsa, bambo, akuti anakutsekerani? Iwo anaseka. Mayi, amene anabwerayo ndi mwana wa mlongo wanga, anadzaona zonse, werengani nokha pachitsekopo ngati pali mlandu. Nyamayo inkamveka kafungo kowawasa. Ndinaitsuka kawiri, ndinaiphika mpaka inafewa. Ine ndinangonyambita msuzi. Nthuli zonse ndinamuikira mwana.

9.
Lamlungu masana, kuchipatala:
Tinyade akusanza zachikasu, kenako zobiriwira, kenako palibe chotuluka koma akusanzabe
chitenje chachitatu chaipa
namwino akusaka mtsempha pa kadzanja kouma, wabaya kanayi
dripi
pabedi loyandikana, bambo wokwera njinga za kabaza, nayenso anagula kwa a Zakeyu
pansi pa mabedi, anthu ena asanu
beseni limodzi la anthu onsewo

10.
Lolemba tinaitanidwa mu ofesi ya bwana wathu, a Likaomba. Kapepala koyera kaja kanali pa tebulo, selotepi ikadali m'mbali. Bwana ankadya chipisi cha m'jumbo, akunyambita zala chimodzichimodzi.
Mwaona, anatero. Ine ndinanena timakina iti titangobwera. Buku lathu la kaboni lija linafufutikapo liti? Pepala lotani lothawa dzuwa?
Anzanga anaseka.
Nanga lipoti silinafike bwanji kuno ku ofesi, a Elube? Paja foni imayenera kutumiza.
Netiweki, bwana.
Eya, netiweki. Bwana anagwedeza mutu, onse anagwedeza mitu. Ndiye palibe wolakwa apa. Mayiwa anapita, anaona, anamata. Cholakwa ndi kamakina. Tilemba choncho.
Anapukutira zala zawo pa kapepala kaja n'kukaponya m'dengu la zinyalala.
Ndinagwira ntchito yanga, ndinatero chamumtima.

11.
Nseru.

12.
Lachiwiri tinapitanso ku butchala kuja, anthu anayi ndi wapolisi. Ulendo uno tinaika loko. Nyama yotsala tinaikweza pa ngolo, ikuchucha njira yonse mpaka kudzala la zinyalala, tinaithira palafini n'kuyatsa. Utsi wake unali wonona, womata pakhosi. Anthu anaima mozungulira, ena atabisa majumbo kumbuyo, kudikira kuti tichoke atole zomwe moto wasiya.
Wapolisi anafunsa malume ngati ankadziwa kuti malowo ndi otsekedwa.
Bwana, ine kusukulu sindinapite patali, koma pepala loyera ndimalidziwa. Ndikanawerenga chiyani?
Wapolisi anayang'ana ife. Tinalibe chomuonetsa. Anatseka kabuku kake.
Anthu akubalalika, malume anandiyandikira. Ndinkayembekeza malovu kumaso. Koma anamwetulira, mano onse panja, n'kundinong'oneza, sukulu ija sinapite pachabe, mwana wa mlongo wanga.
Madzulo ake kunyumba kunafika jumbo yochokera kwa malume, ya chiwindi cha mbuzi, chatsopano, chikadali chofunda. Ndinachikwirira kuseri kwa bafa.

13.
Amayi anaimba foni kuchokera kumudzi.
Ndamva zonse. Malume ako akuti wawasunga.
Amayi, kuli mwana kuchipatala.
Mwana wa ndani?
Wa mayi wina wosoka zovala.
Aa, Mulungu amuchiza. Iwe usatsegule pakamwa pako paliponse. Za m'banja ndi za m'banja. Ukudya koma?

14.
Sukudya. Ukaona ndiwo m'mbale ukuona ndowa ija. Wachapa malaya a tsiku lija kanayi, wawayanika, wawanunkhiza, wawachapanso. Kuntchito akukupatsa moni mwaulemu, ena akukupepesa, pepani mayi, zida za masiku ano n'zosadalirika. Kamakina akalanda, ali nako bwana m'kabati pamodzi ndi tinzake tonse, ngati akaidi. Ukadutsa pa kalilole wa m'bafa ukuyang'ana pansi. Ukuti ndinagwira ntchito yanga, ukubwerezanso, mawuwo akununkha vinega.

15.
Lachisanu masana, nthawi yoona odwala, ndinapita kuchipatala. Tinyade anali atachotsedwa dripi, atagona chammbali, milomo yosweka, koma maso akuyenda. Amayi ake anali pa mkeka pansi, akumuziziritsira phala. Anandizindikira, poti amandiona ndikuyendera msika.
Ndinu a khonsolo aja. Akuti kamakina kanu kanakupusitsani.
Ndinagwada pafupi nawo.
Sikanandipusitse, mayi. Tsiku lomwe anatipatsa timakinati anatiphunzitsa zinthu ziwiri. Anati kapepalaka musamate padzuwa, ndipo malembo musawakute ndi selotepi, chifukwa amafufutika masiku ochepa. Ndinalemba ndekha m'kope langa, ndinadula mzere kunsi kwake. Pa butchala paja pali khonde, pali khoma la njerwa la mthunzi tsiku lonse. Ndinaliona. Ndinasankha chitseko cha malata. Selotepi ndinaizunguliza kanayi. Netiweki inalipo, yodzadza, koma lipoti sindinatumize. Ndinkafuna anthu a pamsika aone kuti Elube saopa malume ake, ndiponso ndinkafuna malume agulitse ng'ombe yawo Loweruka. Ndinawerenga masiku, mayi. Ndinadziwa kuti pofika Loweruka kakhala koyera.
Nachisale anasiya kuziziritsa phala. Bambo wa kabaza pabedi lina uja anadzuka n'kukhala tsonga.
Lipoti lija ndatumiza m'mawa uno, ndinapitiriza. Ndasiyanso kalata kwa bwana, yolemba ndi bolopeni, ina ndapereka kupolisi. Zomwe andichite sindikudziwa. Kwathu sadzandilandiranso.
Mukufuna ndikumvereni chisoni? anafunsa Nachisale.
Ayi.
Mukufuna ndinene kuti ndakhululuka?

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira chinthu chomwe wachiponda osaona. Kenako Tinyade anayamba kuchita ngati asanza, amayi ake anamudzutsa msanga, anamutchera beseni, kamwana kanabweza phala lonse lija. Nachisale anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, anamugoneka, n'kukankhira beseni lija ndi phazi mpaka linagunda mawondo anga.
Mpopi uli kuseri kwa wodi, anatero. Mukataye, mukatsuke bwinobwino, mubwere nalo. Asanzanso posachedwa.
Ndinalinyamula ndi manja awiri. Linali lofunda.